Woyamba kuthandizidwa ndani, wakwanu kapena mlendo?

Kumapeto kwa Januwale 2025, JD Vance, wachiwiri kwa pulezidenti wa dziko la America, adalankhula mawu pa kanema wa Fox News amene adadzutsa mkangano womwe unali utagona m'mabuku kwa zaka mazanamazana. Iye adati Chikhristu chili ndi chiphunzitso chakale chonena kuti munthu aziyamba kukonda banja lake, kenako anansi ake, kenako anthu a m'dera lake, kenako nzika zinzake, ndipo akathana ndi onsewa m'pamene angacheukire anthu a maiko ena. Nkhani inali ya anthu olowa m'dzikolo popanda zikalata, amene boma la Donald Trump linali litayamba kuwathamangitsa. Ena atamutsutsa pa intaneti, Vance, yemwe adalowa Chikatolika mu 2019, adawauza kuti akafufuze mawu a Chilatini akuti ordo amoris, dongosolo la chikondi.

Pa 10 Febuluwale, Papa Francis adalembera kalata maepiskopi a ku America. Sadatchule dzina la Vance, koma aliyense adadziwa kumene kalatayo inkaloza. Adati chikondi cha Mkhristu sichiyambira pa zofuna za iye mwini n'kumatambasukira kunja pang'onopang'ono mpaka chikafike kwa ena, ndipo dongosolo loona la chikondi timalipeza tikamasinkhasinkha fanizo la Msamariya wachifundo. Masiku angapo m'mbuyomo, Kadinala Robert Prevost anali atagawa pa tsamba la intaneti la X nkhani yotsutsa mawu a Vance, ndipo pa 8 Meyi chaka chomwecho adasankhidwa kukhala Papa Leo XIV.

Mkanganowo udachitikira kutali, koma funso lake limafika pakhomo la aliyense amene ali ndi kandalama kochepa ndi manja ambiri omutambasulira. Mbali zonse ziwiri zili ndi mavesi ake. Ndipo anthu amene adalisanthula mozama funsoli, makamaka Augustine ndi Thomas Aquinas, aphunzitsi akuluakulu a mpingo a makedzana, adanena zinthu zimene sizingakomere mbali iliyonse kotheratu. Mmene ndikuonera ine, dongosololo lilipo ndithu, koma ntchito yake n'kutisonyeza poyambira udindo pamene mphamvu zathu zachepa. Amene amaligwiritsa ntchito podula malire a chikondi alipotoza.

Vesi limene oikira kumbuyo banja amathamangirako ndi 1 Timoteo 5:8, pamene akuti munthu wosasamalira abale ake, makamaka a m'nyumba mwake, wakana chikhulupiriro ndipo waipa kuposa wosakhulupirira. Ndi mawu olemera, ndipo palibe njira yowapeputsira. Koma taonani pamene akhala. Mutu wonsewo ukukamba za akazi amasiye. Mpingo unali ndi kaundula wa amasiye oyenera kuthandizidwa, ndipo wolowa m'kaundulamo ankayenera kukhala wa zaka zosachepera 60. Tsono panali ana ndi adzukulu ena amene ankatula amayi awo ndi agogo awo kumpingo, iwo n'kusamba m'manja. Vesi 16 ikunena chifukwa chake poyera: amene ali ndi amasiye pakhomo pake awasamalire yekha, mpingo usalemedwe, kuti uthe kuthandiza amasiye opanda wowayang'anira. Ndiye kuti lamulo losamalira akwanu lidaperekedwa n'cholinga choti thumba la onse lifikire amene alibe wawo. Wowerenga vesi 8 yokha n'kutseka Baibulo wasiya theka la nkhani.

Yesu nayenso sadalole kuti munthu athawe makolo ake pobisala kumbuyo kwa Mulungu. Pa Marko 7 akudzudzula mwambo wa Korban: munthu ankatha kulengeza kuti chuma chake wachipereka kwa Mulungu, ndipo pamenepo sankakakamizidwanso kuthandiza nacho atate kapena amayi ake. Yesu adati kuteroko n'kupha mawu a Mulungu ndi miyambo ya anthu. Ali pamtanda, adapereka amayi ake m'manja mwa wophunzira amene ankamukonda. Paulo pa Agalatiya 6:10 akuti tichitire onse zabwino, makamaka a m'banja la chikhulupiriro. Mawu oti onse ndi oti makamaka ali m'chiganizo chimodzi, ndipo mkangano wonse wa zaka 2,000 wakhala wofuna kuti awiriwa asathamangitsane.

Mbali inayo ilinso ndi mawu oluma. Yesu yemweyo, atauzidwa kuti amayi ake ndi abale ake ali panja akumufuna, adayang'ana anthu omuzungulira n'kunena kuti amayi ake ndi abale ake ndi amene amachita chifuniro cha Mulungu. Kwa munthu wofuna kuyamba wakaika maliro a atate ake adati asiye akufa aike akufa awo. Pa Luka 14 akuti ukakonza phwando usaitane abale ako kapena anansi olemera amene adzakubwezere, koma osauka, olumala ndi osaona. Pa Mateyu 5 akufunsa kuti ngati mukonda okhawo okukondani, mwachita chiyani chachilendo, popeza okhometsa msonkho amachitanso zomwezo. Ndipo pa Mateyu 25 iye mwini akudziika m'gulu la alendo: ndinali mlendo ndipo mudandilandira.

Izi sizidayambe ndi Chipangano Chatsopano. Levitiko 19, mutu umene uli ndi lamulo lokonda mnansi monga udzikondera wekha pa vesi 18, ukubwereza mawu omwewo pa vesi 34 ponena za mlendo wokhala pakati pa Aisraele, ndipo chifukwa chake n'chakuti iwonso anali alendo ku Igupto. Mutu womwewo ukulamula mlimi kuti asakolole mpaka m'mphepete mwa munda, asabwererenso kukatola khunkha, azisiyira wosauka ndi mlendo. Mwini munda amadya zokolola zake ndi ana ake, palibe akumuletsa, koma gawo la mlendo laikidwiratu m'munda momwemo kukolola kusanathe. Rute wa ku Mowabu, agogo a atate ake a Mfumu Davide, adapulumuka ndi khunkha lomweli.

Fanizo la Msamariya liyenera kuwerengedwa mofatsa chifukwa onse otsutsana amalikokera kwawo. Katswiri wa malamulo adafunsa Yesu kuti mnansi wake ndani. Ankafuna mzere, kuti adziwe amene ali mkati ndi amene ali kunja. Yesu adamutengera pa msewu wotsika kuchoka ku Yerusalemu kupita ku Yeriko, mtunda wa makilomita pafupifupi 27 wodutsa m'chipululu cha miyala mobisala achifwamba. Kumeneko achifwamba adavulaza munthu wina n'kumusiya pamsewu, ndipo wansembe ndi Mlevi adamulambalala. Msamariya, wa mtundu umene Ayuda sankamwera nawo chikho chimodzi, adaima, adathira mafuta ndi vinyo pa mabala, adamukweza pa chiweto chake, adamusamalira usiku wonse kunyumba ya alendo. Kutacha adatulutsa ndalama ziwiri za siliva, malipiro a waganyu a masiku awiri, adapatsa mwini nyumba n'kulonjeza kudzalipira zotsala pobwerera. Kenako adapitiriza ulendo wake. Sadagulitse zake zonse, sadasiye ntchito imene ankayendera. Koma sadayambenso wawerenga ngati kunyumba kwake zonse zili bwino asanagwade pafupi ndi munthu wokha magazi. Pomaliza Yesu adatembenuza funso: mwa atatuwo, ndani adakhala mnansi wa wovulalayo?

Augustine, mwana wa kumpoto kwa Africa, wobadwira ku Thagaste mu 354 ndipo adakhala episkopi wa Hippo, m'dziko limene lero ndi Algeria, ndiye amatchulidwa kwambiri pa nkhaniyi. Koma pamene iye ankakamba za chikondi cholongosoka, nkhawa yake yoyamba sinali ya wachibale ndi mlendo. Inali yakuti munthu amakonda zinthu mosokoneza: chochepa amachikonda ngati chachikulu, cholengedwa ngati Mlengi, ndalama kuposa munthu. Khalidwe labwino, kwa iye, ndiko kukonda chilichonse pa mlingo wake, Mulungu pamwamba pa zonse.

Za anthu adalemba m'buku loyamba la De Doctrina Christiana, limene adayamba kulilemba cha m'ma 396. Akuti anthu onse tiyenera kuwakonda mofanana, koma popeza sungathe kuthandiza onse, uyang'ane makamaka amene malo, nthawi kapena zochitika zawalumikiza kwa iwe. Akupereka chitsanzo: uli ndi chinthu chimodzi chosagawika, abwera anthu awiri, palibe woposa mnzake pa kusowa kapena pa ubale ndi iwe. Chilungamo n'kuchita maere. Tsono akuti amene moyo wakuyandikizira uwaone ngati maere awagwera.

Ganizo limeneli lili ndi mano kuposa mmene anthu amaliwerengera. Loyamba, chifukwa choyambira pafupi sikuti wapafupi ndi munthu kwambiri kuposa wakutali, koma kuti iwe ndi wochepa mphamvu, uli ndi manja awiri ndi tsiku limodzi. Lachiwiri, kuyandikira kumene Augustine akunena sikwa magazi okha. Malo ndi nthawi zimayandikizanso. Wovulala wa pa msewu wa ku Yeriko anali wa mtundu wina, koma pa ola limenelo palibe munthu padziko amene anali pafupi ndi Msamariya kuposa iye. Mlendo wagogoda pakhomo pako usiku wasanduka wapafupi chifukwa cha kugogodako.

M'buku lake lina, De Civitate Dei, Augustine akuvomereza kuti munthu ayambe ndi a m'nyumba mwake popeza ndiwo ali ndi mpata wowasamalira mosavuta. Koma moyo wake umasonyeza malire a zimenezi. Possidius, mnzake amene adalemba mbiri yake, akuti abale a episkopiyu akasowa ankawapatsa monga ankapatsira ena onse, osati kuti alemere koma kuti asavutike. Thumba la mpingo likauma ankasungunula ziwiya zopatulika kuti awombole ogwidwa ukapolo ndi kudyetsa osauka, monga adachitiranso mphunzitsi wake Ambrose wa ku Milan. Pomwalira mu 430 sadasiye wilo, chifukwa analibe choti n'kusiya.

Amene adayala nkhaniyi mwatsatanetsatane ndi Thomas Aquinas, m'zaka za m'ma 1200. Iyeyu ankadziwa kulemera kwa dzanja la abale: atafuna kulowa chipani cha ansembe cha a Dominican, banja lake lidamugwira n'kumutsekera m'nyumba yawo ya malinga kwa pafupifupi chaka kuti asinthe maganizo, koma sadasinthe. M'buku lake lalikulu, Summa Theologiae, ali ndi funso lathunthu la dongosolo la chikondi, logawidwa m'timitu 13. Akukana ganizo lakuti mumtima tizikonda onse chimodzimodzi, kusiyana kukhale pa zochita zokha. Akuti chisomo sichiphwanya chilengedwe, ndipo n'koyenera kuti mtima uzitentha kwambiri pa mwana wako kuposa pa mwana wa munthu wosamudziwa. Apa Vance ali ndi pogwira.

Koma Aquinas sadaime pamenepo. Akuti ubale uli wa mitundu ingapo, ndipo uliwonse umatsogola pa nkhani zake. Pa za moyo wa thupi, monga chakudya ndi pogona, atsogole a magazi. Pa za dziko atsogole nzika zinzako. Pa za nkhondo, msilikali amvere mtsogoleri wake kuposa atate ake. Ndiye kuti palibe mzere umodzi umene wachibale amaima patsogolo pa nkhani iliyonse. Ngakhale m'nyumba momwemo akusiyanitsa: makolo ayenera ulemu woposa, ana ayenera chisamaliro choposa, ndipo mkazi wako umamukonda motentha kuposa makolo ngakhale makolo uwapatsa ulemu waukulu. Makolo akagwa m'mavuto, ana ayenera kuwanyamula chifukwa cha zimene adalandira kwa iwo.

Pali pena pamene Aquinas adatsatira nzeru za nthawi yake n'kuphonya. Akuti, zina zonse zikafanana, atate ayenera kukondedwa kuposa amayi, chifukwa ankakhulupirira maganizo a Aristotle, wanzeru wakale wa Chihelene, akuti pa kubadwa kwa mwana mwamuna ndiye wochita ndipo mkazi amangopereka zipangizo. Sayansi idatsutsa kale zimenezo. Kwa Mchewa, Myao kapena Mlomwe wa chikamwini, kumene mwini mbumba ndi atsibweni ndipo mwana amawerengedwa kuchikazi, mawuwa amamveka achilendo kwambiri, pomwe kwa Mtumbuka kapena Msena wa lobola akhoza kumveka a pafupi. Ndikutchula izi chifukwa zikusonyeza kuti mndandanda wa ndani asanafike ndani umatengera kwambiri mwambo wa malo ndi nyengo. Sitiyenera kutenga mndandanda wa munthu mmodzi, ngakhale woyera mtima, ngati udatsika kumwamba wolembedwalembedwa.

Chiganizo chofunika kwambiri chili patsogolo pang'ono, pamene akukamba zochitira ena zabwino. Atavomereza kuti tiyambe ndi apafupi, akuwonjezera kuti zimenezi zimasintha malinga ndi malo, nthawi ndi nkhani, ndipo nthawi zina munthu ayenera kuthandiza mlendo amene ali pa msampha wa imfa kusiyana ndi atate ake enieni amene sali pa vuto lotere. Akuti pakakhala kuti wina ndi wapafupi koma winayo ndi wosowa kwambiri, palibe lamulo limodzi lothetsa milandu yonse, pafunika nzeru za munthu woganiza mofatsa. Kwina akuti zimene munthu ali nazo zopitirira zosowa zake ndi za banja lake ndi ngongole kwa osauka, ndipo munthu amene watsala pang'ono kufa ndi njala akatenga chakudya cha wina kuti apulumuke, kumeneko sikuba kwenikweni. Mawu amenewa adalembedwa ndi munthu yemweyo amene amatchulidwa poikira kumbuyo kuyamba ndi akwanu.

Sikelo ya Aquinas ili ndi mbale ziwiri, kuyandikira ndi kusowa. Wotenga mbale imodzi n'kutaya inayo sangayeze kanthu.

Atsogoleri a Chiprotestanti sadapatuke kwambiri. John Calvin, kholo la chiphunzitso chimene mipingo ya CCAP imatsatira, adalemba kuti munthu akakhala wolumikizana nafe kwambiri udindo wathu pa iye umakula, ndipo Mulungu sakhumudwa nazo, komabe tiyenera kukumbatira mtundu wonse wa anthu m'chikondi chimodzi, osasiyanitsa Mhelene ndi wakunja, woyenera ndi wosayenera, bwenzi ndi mdani, popeza timawaona mwa Mulungu. Calvin anali wothawa kwawo ku France, ndipo Geneva ya m'masiku ake idadzaza ndi othawa anzake mpaka eni mzinda ena kuyamba kudandaula. Amene adakoka chingwe mwamphamvu kupita mbali inayo ndi Søren Kierkegaard wa ku Denmark, amene mu 1847 adachenjeza kuti chikondi chosankha, cha bwenzi kapena cha wokondedwa, chikhoza kukhala kudzikonda kovala malaya ena. Sadati tileke kukonda akazi athu ndi ana athu, koma kuti nawonso tiwakonde poyamba monga anansi pamaso pa Mulungu. Ndimaona kuti adapitirira muyeso pokayikira chikondi chachibadwa, koma chenjezo lake n'loona: pali anthu amene akamati banja langa amatanthauza ine.

Mpingo woyamba sudadikire kuti mavuto a pafupi athe. Paulo adatha zaka akusonkhanitsa ndalama kwa Akhristu a ku Makedoniya ndi Akaya, anthu a mitundu ina, zopita kwa osauka a ku Yerusalemu amene ambiri a iwo sadawaonepo. Akuchitira umboni kuti a ku Makedoniya anali osaukitsitsa koma adachita kupempha kuti aperekeko. Komabe pa 2 Akorinto 8 akuika malire: cholinga sikuti ena apume inu muvutike, koma kuti pakhale kulingana. Pofika mu 362, Mfumu Julian ya Roma, imene inkafuna kubwezeretsa chipembedzo cha milungu yakale, idadandaula m'kalata kuti Akhristu akudyetsa osauka awo ndi a anthu achikunja omwe.

Tiyeni tiziike pansi zimenezi, pa munthu mmodzi. Mphunzitsi wa pulayimale walandira malipiro. Foni yayamba kulira ndalama zisanatenthe m'thumba. Amayi kumudzi akuti mvula yayandikira ndipo feteleza palibe. Mwana wa mlongo wake wabwezedwa kusekondale chifukwa cha fizi. Alamu ake akufuna mpamba wowonjezera pa geni yawo ya kaunjika, imene ikuyenda kale. Ana ake awiri akufunika nsapato. Usiku womwewo akumva kugogoda: bambo wa nyumba yoyandikana nayo pa lendi, wochokera chigawo china, amene amangopatsana naye moni, akuti akazi awo matenda a uchembere awayamba moipa, akutaya magazi, ndipo wagalimoto akufuna ndalama ya mafuta asanalize injini. Malinga ndi Aquinas, usiku umenewo woyamba ndi mayi wotaya magaziyo, ngakhale feteleza wa amayi achepe ndi theka la thumba. Kukacha, ana ake, amayi ake ndi mwana wa mlongo wake ali patsogolo pa wopempha aliyense wa mumsewu amene vuto lake n'lofanana ndi lawo. Koma mpamba wa alamu sungaime patsogolo pa mwana wamasiye wogona ndi njala kuseri kwa nyumba, chifukwa uku n'kulemeretsa, uko n'kupulumutsa. Ambrose adanena zomwezi: thandiza wachibale wosowa, amene amachita manyazi kukapempha kwa ena, koma usamulemeretse ndi zimene ukadapatsa osauka.

Dongosololi limatetezanso woperekayo. Alipo ambiri ku Johannesburg, ku Cape Town ndi ku Britain amene amagona m'kachipinda kothinana, ana awo akusowa, chifukwa mudzi wonse udawasandutsa nkhokwe. Chiphunzitso chimenechi chimawalola kunena kuti ayi kwa msuweni wamphamvu zake wosafuna kugwira ntchito, popanda kudziona ngati akana chikhulupiriro. Chimadzudzulanso munthu amene Lamulungu amathira mbewu yaikulu kutchalitchi, dzina lake n'kulengezedwa kutsogolo, pamene amayi ake kumudzi akudya gaga ndipo denga likudontha. Ameneyo wabwezeretsa Korban.

Nkhani ikafika pa boma imavuta, chifukwa boma silili ngati munthu mmodzi wokhala ndi thumba lake. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika, pa ndime 2241, akunena zinthu ziwiri pamodzi: maiko olemera ali ndi udindo wolandira, monga angathere, mlendo wofuna chitetezo ndi njira yopezera moyo zimene sangazipeze kwawo, ndipo olamulira akhoza kuika malamulo pa kalowedwe ka anthu pofuna ubwino wa onse. Kalata ya Papa Francis nayo idavomereza kuti dziko lili ndi ufulu wodziteteza kwa ochita zaupandu. Choncho Vance sadalakwe ponena kuti mtsogoleri ali ndi udindo wapadera pa nzika zake. Pamene mawu ake akupunduka ndi pa ganizo loti umalize uyu kaye kenako upite kwa winayo. Zosowa za banja sizitha. Zosowa za dziko sizitha, ngakhale dziko lolemera ngati America. Ngati mlendo ayenera kudikira mpaka akwanu onse akhute, nthawi yake sidzakwana mpaka kalekale, ndipo mbale ya kusowa yachotsedwa pa sikelo. Koma otsatira Papa nawonso asathamange kunena kuti Yesu sadafune kusiyanitsa kulikonse. Bambo amene amasamala ana a eni mofanana ndendende ndi ana ake, mpaka ake kugona ndi njala, palibe mphunzitsi wamkulu wa mpingo amene adamuyamikira.

A Malawi funsoli tidaliyankhapo ndi zochita. Pa nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, imene idatha ndi pangano la ku Rome pa 4 Okutobala 1992, dziko lino lidasunga othawa nkhondo oposa 1 miliyoni, pamene kalembera wa 1987 adapeza kuti m'dziko muno tinalimo anthu pafupifupi 8 miliyoni. Ku Nsanje, Mwanza, Ntcheu ndi Dedza anthu osauka adagawana minda, nkhuni ndi zitsime ndi obwerawo, ndipo mitengo yambiri idatha. N'zoona kuti ambiri anali a chilankhulo chimodzi ndi owalandira, ena achibale enieni amene malire a atsamunda adawadula pakati, ndiye kunali kosavuta kuwaona ngati akwathu. Mayeso ovuta ndi a ku Dzaleka, m'boma la Dowa, msasa umene udatsegulidwa mu 1994 ndipo tsopano uli ndi anthu oposa 50,000, ambiri ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda, kuposa kutalitali chiwerengero chimene malowo adakonzedwera. Mu Meyi 2023 apolisi adayamba kugwira othawa kwawo amene ankakhala ndi kuchita malonda m'matauni n'kuwabwezera kumsasa. Ambiri adaombera m'manja ponena kuti alendowo ankalanda malonda a eni dziko. Dandaulo la wagolosale wa ku Mchesi kapena ku Area 25 silopanda pake, nayenso ali ndi ana. Koma mawu omwewo ndi amene ankanenedwa ku South Africa mu 2008, pamene anthu oposa 60 adaphedwa pa ziwawa zodana ndi alendo, ndiponso mu 2015, pamene boma lathu lidatumiza mabasi kukatenga anthu athu. Banja limodzi la ku Mangochi kapena ku Mzimba likhoza kukhala eni dziko kuno, mwana wawo ali mlendo wosakidwa kwina.

Pali malo amodzi pamene chiphunzitso chimenechi chimaletseratu kuyamba ndi akwanu, ndipo ndi pamene ife timagwa kawirikawiri. Aquinas akusiyanitsa zimene zili zako ndi zimene wangosungitsidwa. Chako ukhoza kupatsa amene wafuna, ndipo palibe tsankho pamenepo. Koma wogawa za onse ndi kapitawo chabe, sindiye mwini. Akamapereka udindo kwa munthu poyang'ana ubale m'malo moyang'ana kuyenera kwake, wachita tchimo la kukondera, lolakwira chilungamo. Iye ankanena za maepiskopi opatsa abale awo maudindo a mpingo, ndipo adati ngakhale wachibaleyo atakhala woyenera mofanana ndi ena, ndi bwino kuleka ngati zingakhumudwitse anthu kapena kupatsa ena chitsanzo choipa. Mpingo wa Katolika udadwala nthendayi kwa zaka mazana, apapa akukweza ana a abale awo kukhala makadinala ndi kuwapatsa minda ndi chuma, mpaka mu 1692 pamene Papa Innocent XII adalemba lamulo loletsa mchitidwewo, n'kulola wachibale mmodzi yekha kukhala kadinala.

Tsono mkulu wa mpingo amene ali pa komiti yolemba anthu ntchito, mfumu yolemba maina a olandira chimanga cha chithandizo, mlembi wogawa malo a msika, mphunzitsi wamkulu wosankha ana opita pa thandizo la fizi, onsewa sangatsegule 1 Timoteo 5:8 kuti aikire kumbuyo dzina la mphwawo limene alilowetsa pamndandanda. Vesilo likunena za malipiro awo, munda wawo ndi nkhokwe yawo. Chimanga cha chithandizo mwini wake ndi wanjala, ndipo mayi wamasiye wobwera kuchokera mudzi wina, wopanda mbale pa komiti, akachotsedwa pamndandanda kuti palowe mwana wa achimwene, amene wamubera ndi wolembayo, ngakhale thumbalo silidalowe m'nyumba mwake.